KAVALO TIDAYAMBA KUMUONA PACHITHUNZI

MILANGE: Munthu akhoza kuyenda boma lino lonse, kuchokera pa mlatho wa Muloza mpaka kukafika ku Majaua kapena ku Mongue, ndipo adzaona mbuzi, nkhumba, nkhuku, abakha, agalu ndi njinga zosawerengeka zitasenza matumba a chimanga, koma nkovuta kuti akumane ndi kavalo. Agogo ambiri kuno akalamba mpaka kutha mano osamuonako ndi maso. Chodabwitsa nchakuti mukapatsa mwana wa sukulu pepala ndi pensulo nkumuuza kuti ajambule kavalo, iye sazengereza. Ajambula khosi lalitali, manyenje pakhosipo, mchira wa ubweya wautali ndi miyendo inayi ili m'malere. Mukamufunsa kumene adamuona, akuuzani za buku la kusukulu, kalendala ya m'sitolo, zithunzi za ankhondo a Farao akumira m'nyanja, kapena kanema wa pamsika.

Nkhani yathu lero ndi ya nyama imeneyi ndi ya anthu amene adatha moyo wawo akuijambula. Ena anena kuti izi nza anthu akutali, zosatikhudza ife olima chimanga, nandolo ndi fodya. Koma tikaitsata bwino nkhaniyi tiona kuti munthu amajambula nyama imene moyo wake wamangirirapo, imene amaiopa, amaidya, amaikonda kapena amailira. Ndipo funso lifika pakhomo pathu: nanga ana athu, nyama imene aziijambula ataiona ndi maso awo ndi iti?

Chifukwa chake sadakhazikike kuno

Ngakhale dzina lake lomwe ndi lobwereka. Mawu akuti kavalo tidawatenga kwa Apwitikizi amene amati cavalo, monganso mawu akuti bulu adachokera ku burro. Abale athu a kutsidya kwa Muloza amakonda kunena kuti hatchi, mawu amene adadza kuchokera kummwera, kumene Azulu amati ihhashi. Nyama ya mtundu umenewu imene makolo athu adaipeza m'tchire muno idali ndi dzina lakelake: mbidzi. Mbidzi, bulu ndi kavalo ndi apachibale, koma mbidzi idakana goli ndi chingwe mpaka lero.

Sikuti azungu sadayese kubweretsa akavalo. Adayesa, koma adani awiri ang'onoang'ono adawagonjetsa. Woyamba ndi ntchentche ya kashembe. David Livingstone, amene adafika ku Quelimane mu 1856 ndipo pambuyo pake adayenda mu mtsinje wa Shire, adalemba kuti ntchentche imeneyi ikaluma ng'ombe, kavalo kapena galu, mapeto ake ndi imfa. Chimene chimapha kwenikweni chidadziwika mu 1895, pamene dokotala wina, David Bruce, akugwira ntchito ndi mkazi wake Mary ku dziko la Azulu, adapeza kuti kashembe amatenga tizilombo tosaoneka ndi maso m'magazi a nyama zakutchire nkukatithira m'magazi a ziweto. Nyama zakutchire zimakhala nato tizilomboto osadwala, koma kavalo amaonda, amatupa, nkufa. Bruce yemweyu adadzagwiranso ntchito ku Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1914, kufufuza matenda a kaodzera.

Mdani wachiwiri ndi nthenda ya akavalo imene imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi m'bandakucha m'nyengo ya mvula. Ikalowa m'khola la akavalo osabayidwa katemera, pa akavalo khumi akhoza kufa asanu ndi anayi. M'zaka za 1854 ndi 1855 idapha akavalo pafupifupi 70,000 ku Cape, m'dziko la South Africa. Mbidzi imayenda nayo nthendayi m'magazi koma ili gwa, ikudya msipu.

Kumene kavalo adalephera, adasenza ndi munthu

Akuluakulu a kuno akudziwa chimene chidatsatira. Popeza kavalo sakadatha kukhala m'Zambezia, mzungu wa boma, wa kampani ya prazo ndi wokhometsa msonkho ankayenda pa machila. Ankagona m'nsalu yomangidwa ku nsungwi yaitali, amuna awiri kapena anayi atasenza pamapewa, ena akuthamanga pambali kudikira kulandizana, tsiku lonse, kukwera zitunda ndi kuoloka mitsinje. Ku Nyasaland kudalinso chimodzimodzi. Nyimbo zimene onyamula machila ankaimba kuti mapazi agwirizane zidakalipo m'kamwa mwa agogo ena. Ntchito imene kwina idali ya nyama, kuno idagwa pa mapewa a makolo athu.

Choncho kavalo woyamba amene anthu ambiri a dziko lino adamudziwa adali wa m'chifanizo, ndipo pamsana pake padali bwana. Mu 1940, pakati pa mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, Apwitikizi adaimika chiboliboli chachikulu cha mkuwa cha Mouzinho de Albuquerque atakwera kavalo. Uyu ndi msilikali amene adagwira mfumu Ngungunhane ku Chaimite pa 28 December 1895. M'munsi mwa chibolibolicho mudali chithunzi chosema choonetsa kugwidwa kwa mfumuyo. Aliyense wodutsa pamenepo ankayenera kukweza maso kumwamba kuti aone nkhope ya wokwerayo, ndipo cholinga cha mmisiri chidali chomwecho. Pamene ufulu wa 1975 unkafika, chibolibolicho adachitsitsa, ndipo tsopano chimasungidwa mu linga lakale la Fortaleza ku Maputo komweko. Pa bwalo limene chidali, mu 2011 adaimikapo chifanizo cha Samora Machel, ataimirira ndi miyendo yake.

Komabe tisaganize kuti kavalo adabadwira mzungu. Ku Lesotho, dziko la mapiri ozizira kumene kulibe kashembe, Abasotho adayamba kuweta akavalo m'masiku a mfumu Moshoeshoe Woyamba, ndipo lero kavalo ndiye njinga ya munthu wa m'mudzi wa kumapiri, amene amapita naye kuchigayo, kuchipatala ndi kumaliro. Pa chidindo cha dziko lawo pali akavalo awiri. M'mapanga a m'mapiri a Drakensberg muli zithunzi za akavalo ndi okwerapo zimene alenje a mtundu wa San adajambula m'zaka za m'ma 1800. Nyamayo itangolowa m'moyo mwawo, idalowanso pa thanthwe.

Adamujambula asanamukwere

Zithunzi zakale kwambiri za akavalo zili m'mapanga a ku France ndi Spain. Mu 1940 anyamata anayi a m'mudzi wina ku France adalowa m'dzenje limene galu wa mmodzi wa iwo adalitulukira, ndipo adapeza phanga la Lascaux. Makoma ake adali odzaza ndi nyama zojambulidwa zaka pafupifupi 17,000 zapitazo, ndipo akavalo okha ndi oposa 300. Mu 1994 kudapezekanso phanga la Chauvet, limene lili ndi mitu inayi ya akavalo yojambulidwa ndi makala, ya zaka zoposa 30,000. Zipangizo zawo zidali zomwe tili nazo kuseri kwa nyumba: makala, dothi lofiira, dothi lachikasu, zala ndi nyali ya mafuta a nyama.

Chofunika kuchidziwa nchakuti anthu amenewa sankakwera kavalo. Akavalo oweta a masiku ano adayamba kufalikira zaka zongopitirira 4,000 zapitazo, kuchokera m'zigwa za kummwera kwa Russia. Ojambula a m'mapanga aja adali alenje. Ankawasuzumira akavalo podya, pomwa madzi, pothawa ndi pomenyana, mpaka kudziwa mmene khutu limatembenukira nyama ikamva mtswatswa. Mlenje wa kuno amene adakhalapo pa chulu usiku kudikira nguluwe akudziwa kuti nyama imene umaisaka umafika poilemekeza.

Amisiri atatu, akavalo atatu

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwambi umenewu ukukwanira bwino pa George Stubbs, mmisiri wa ku England amene adabadwa mu 1724. Iye adabwereka nyumba ya pa famu m'mudzi wa Horkstow, ndipo kwa miyezi 18 ankasenda akavalo akufa, kuchotsa chikopa, mnofu ndi mitsempha pang'onopang'ono mpaka kufika pa mafupa, uku akujambula chilichonse. Buku la zojambula zimenezi lidatuluka mu 1766. Chithunzi chake chotchuka ndi cha kavalo wina dzina lake Whistlejacket, chachitali pafupifupi mamita atatu, chimene chili ku National Gallery mu mzinda wa London. M'masiku amenewo kavalo wamkulu chotere ankajambulidwa ndi mfumu kapena kazembe pamsana. Stubbs adamujambula yekha, wopanda wokwera, wopanda chingwe, wopanda ngakhale mtengo kumbuyo kwake, ataimirira ndi miyendo yakumbuyo, diso lake likuyang'ana munthu woonayo.

Wachiwiri ndi Xu Beihong wa ku China, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1895 mpaka 1953. Iye ankagwiritsa ntchito inki yakuda ndi burashi, kukhwatcha mizere yowerengeka chabe, koma kavalo nkumaoneka ngati atuluka m'pepala. Pa nthawi imene Japan inkamenya dziko lake, kuyambira 1937 mpaka 1945, adajambula akavalo ambiri othamanga, opanda chingwe pakamwa, kuti alimbitse mitima ya anthu a kwawo. Adapita ku Singapore ndi ku Malaya kukaonetsa ndi kugulitsa zithunzi, ndipo ndalama zake adathandizira ovutika ndi nkhondo.

Wachitatu ndi Pablo Picasso wa ku Spain. Pa 26 April 1937, tsiku la msika, ndege za Germany ndi Italy zidaponya mabomba pa tauni ya Guernica nkupha anthu wamba ambiri. M'milungu yochepa Picasso adajambula chithunzi chotambalala mamita pafupifupi asanu ndi atatu, cha utoto wakuda, woyera ndi wotuwa basi. Kumanzere kuli mayi akulira atanyamula mwana wakufa, kumanja munthu akupsa m'nyumba, ndipo pakati penipeni pali kavalo wolasidwa, khosi litapindika, kukamwa kuli yasa. M'chithunzicho simuoneka ndege kapena bomba. Kavalo uja ndiye akukuwa m'malo mwa onse. Chithunzichi chili mu mzinda wa Madrid. Anthu a boma lino amene adathawa mu 1986 kuolokera ku Mulanje, kusiya mbuzi zili pa chingwe ndi agalu akulira pa bwinja, safunika wowamasulira.

Dziko lino nalo lidali ndi mmisiri wake wamkulu, Malangatana Valente Ngwenya, amene adabadwira ku Matalana, m'boma la Marracuene, mu 1936 ndipo adamwalira mu 2011. Ali mwana ankaweta ziweto. Apolisi a chitsamunda a PIDE adamugwira mu 1964 ndipo adakhala m'ndende miyezi 18. Iye sadatchuke ndi akavalo, pakuti sadakule nawo. M'zithunzi zake nkhope za anthu zapanikizana ndi mbalame, nsomba ndi zilombo za mano akuthwa, moti nkovuta kuloza pamene munthu wathera ndi pamene nyama yayambira. Adajambula zimene zidali m'maso ndi m'maloto a anthu a kwawo. Dzina lake lomwe la Ngwenya limatanthauza ng'ona.

Kavalo nayenso amatiyang'ana

Nchiyani chimene chimamanga munthu ndi nyama imeneyi chotere? Kavalo ndi nyama yamantha, yoyenda m'gulu, imene kutchire idali chakudya cha zilombo. Moyo wake umadalira kuona msanga mmene mnzake waimikira makutu ndi mmene akupumira. Luso limeneli amaligwiritsanso ntchito pa munthu. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Sussex ku England adaonetsa akavalo 28 zithunzi za nkhope za anthu, zina zosekerera, zina zokwiya. Akaona nkhope yokwiya, mtima wa kavalo unkagunda mofulumira. Mu 2018 akatswiri a komweko adapezanso kuti kavalo amakumbukira: munthu amene adamuona pachithunzi atakwiya, akakumana naye patapita maola angapo, amamuyang'ana mochenjera. Kavalo akhoza kukhala ndi moyo zaka 25 kapena 30, kotero munthu amene adamulandira ali mnyamata amakalamba naye.

Chitsanzo cha chikondi chimenechi chili m'dziko mwathu momwe muno. Kuyambira chaka cha 2000, pamene minda ya azungu inkalandidwa ku Zimbabwe, alimi ambiri adachoka mothamanga nkusiya ziweto. Nkhani ya malo kumeneko idali ndi mizu yake yakale, pakuti nthakayo idalandidwanso kwa eni ake m'masiku a chitsamunda, koma akavalo osiyidwa aja sankadziwa za mlanduwo. Banja la Pat ndi Mandy Retzlaff, nalonso litachotsedwa pa munda wake, lidayamba kutola akavalo a anansi awo, kusamuka nawo kuchoka pa famu ina kupita pa ina, mpaka lidaoloka nawo malire kulowa m'chigawo cha Manica. Adakhala kufupi ndi Chimoio, kenaka adatsikira ku Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane, kumene adayamba kukweza alendo m'mphepete mwa nyanja kuti apeze chakudya cha nyamazo. Ambiri mwa akavalowo adafa m'zaka zotsatira, ena atadya zomera za poizoni. Mayi Retzlaff adalemba mbiri imeneyi m'buku limene lidatuluka mu 2013, lotchedwa One Hundred and Four Horses, kutanthauza akavalo 104. Mlimi aliyense amene adagonapo m'khola kudikira ng'ombe yodwala akhoza kumvetsa chimene chidawachititsa.

Nanga makolo athu ankajambula chiyani?

Wina asanene kuti kujambula nyama nkwachilendo kwa ife. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, muli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, alenje amene Achewa adawapeza m'dzikomo. Zoyera ndi za Achewa eni, zojambulidwa ndi chala choviika m'dothi loyera. Zina nzokhudza chinamwali cha atsikana, zina nza zilombo za gule wamkulu. M'dziko lino, pa phiri la Chinhamapere kufupi ndi tauni ya Manica, pali zithunzi zofiira za anthu ndi nyama za nyanga, ndipo anthu a kumeneko amawalemekeza malowo ngati opempherapo mvula. Kumpoto kwa chigawo cha Tete kulinso mapanga otere.

Gule wamkulu, amene UNESCO idamuzindikira mu 2005 m'dzina la maiko atatu a Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndi wodzaza ndi nyama. Kasiyamaliro, amene amaperekeza womwalira, ali ndi maonekedwe a nyama ya nyanga ya m'tchire. Njovu imatuluka pa mwambo wa mfumu. Galimoto itafika m'midzi, nayonso idatuluka pabwalo. Mayina a mafuko nawonso amanena zomwezo: kuli a Mbewe, a Njovu, a Ngwenya, ndipo kwa abale athu a ku Manica ndi Zimbabwe, a mtundu wa Tembo nyama yawo ndi mbidzi, saidya. Makolo sankaona nyama ngati ndiwo chabe. Adaiika m'dzina, m'nthano, m'mwambi, m'gule ndi pa thanthwe, chifukwa ankakumana nayo popita kumunda ndi pochokera kudambo.

Nyama zimene zatsala pa pepala

Apa ndi pamene nkhaniyi ikupweteka. Ndalama za mapepala zimene Banco de Moçambique idatulutsa mu 2006 zidali ndi nyama kuseri kwake: chipembere pa 20, ngoma pa 50, kadyansonga pa 100, mikango pa 200, njati pa 500 ndi njovu pa 1,000. Anthu a kuno akhala akuzipinda m'mipango ndi m'matumba, kugulira mchere ndi sopo pa msika wa Milange. Koma ndi angati mwa osapitirira zaka makumi anayi amene adaonapo imodzi mwa nyama zimenezi ikuyenda? Njati ndi mbidzi zasanduka ngati kavalo: mwana amazidziwira pa pepala. Kusiyana kwake nkwakuti kavalo sadakhalepo kuno, pamene izi zidali zathu.

Nkhondo ya zaka 16, imene idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, idapha anthu ndipo idasesanso tchire. Ku nkhalango ya Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, pa nyama zikuluzikulu khumi zilizonse zidatha zoposa zisanu ndi zinayi. Asilikali a mbali zonse ankadya nyama ndi kugulitsa minyanga, ndipo anthu anjala ankatchera misampha. Mbidzi zimene zidali zoposa 3,000 nkhondo isanayambe zidatsala zosakwana 100. Mu 2008 boma lidasainirana pangano ndi bungwe la Greg Carr wa ku America loti akonzenso nkhalangoyi, ndipo nyama zambiri zachulukananso, ngakhale kuti mbidzi zachedwa. M'chigawo chathu chino cha Zambezia, ku nkhalango ya Gilé, nyama zina zidatheratu, ndipo m'zaka za 2012 ndi 2013 adachita kubweretsa njati, nyumbu ndi mbidzi pa magalimoto kuchokera ku nkhalango zina za dziko lino. Mu 2020 Gilé idakwezedwa kukhala Parque Nacional.

Zimene nkhondo idasiya, moto ndi nkhwangwa zikutsiriza. Chaka ndi chaka, mwezi wa August ukafika, tchire limapsa chifukwa cha mbewa zochepa, ndipo limodzi ndi udzu zimapsa zisa, ana a agwape ndi mitengo yophuka. Phiri la Tumbine, limene limayang'anira tauni yathu, lidatichenjeza mu January 1998, pamene mvula yamphamvu idagumula nthaka ndi miyala nkukwirira nyumba, minda ndi anthu ambiri. Ena adati ndi Napolo, ena adaloza mitengo imene idadulidwa ndi minda imene idakwera m'phirimo. Mbali zonse ziwiri zikugwirizana pa chinthu chimodzi, kuti phiri likalakwiridwa limabwezera.

Choyenera kuchita chili pafupi

Palibe amene akunena kuti tigule akavalo. Njinga ndiyo ikusenza chimanga chathu kupita ku Muloza, ndipo sifuna msipu kapena katemera. Phunziro la amisiri aja ndi lakuti adayamba ndi kuyang'ana nyama imene idali pamaso pawo, modekha, masiku ambiri. Ngakhale iwo ankaphonya akadalira kukopera anzawo. Kwa zaka mazana, amisiri a ku Ulaya ankajambula kavalo wothamanga atatambasula miyendo yonse inayi m'malere, iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo. Mu 1878 Eadweard Muybridge, wojambula ndi kamera ku California, adaonetsa kuti kavalo amachokadi pansi ndi miyendo yonse, koma pa nthawiyo imakhala itapindikira pansi pa mimba. Mwana wathu wokopera kavalo wa pa kalendala akhoza kubwereza cholakwa chomwecho osadziwa. Mbuzi ya kwawo sangailakwitse, pakuti amaimanga yekha m'mawa uliwonse.

Aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi, amene nthawi zambiri amadandaula kuti alibe mapepala ndi utoto, akumbukire kuti a ku Lascaux ndi a ku Chongoni nawonso adalibe. Makala alipo, katondo alipo, dothi loyera lili kudambo, ndipo khoma la kalasi lili mbuu. Atulutseni ana panja akakhale pansi kuyang'ana mmene mbuzi imapindira mawondo pogona, mmene nkhanga imathamangira, mmene galu amaimikira makutu mwini wake akamabwera. Mwana amene wakhala ola lathunthu akujambula galu sathamangira kumugenda, ndipo amene wajambula chisa cha mpheta amaganiza kawiri asanayatse tchire.

Amayi amene amazira nyumba ndi kukongoletsa makoma ndi dothi la mitundumitundu Khirisimasi ikamayandikira ndiwo amisiri amene tili nawo m'mudzi uliwonse. Ambiri amajambula maluwa ndi mizere. Pa khoma pomwepo pangakwanenso gwape, mbawala, nungu kapena nguluwe.

Ndipo agogo amene adaziona nyama zimenezi zikutsika m'phiri la Tumbine kudzamwa madzi adakalipo, ngakhale akuchepa chaka ndi chaka. Iwo akudziwa mmene chinkhoma chimaimira pa mwala ndi nsonga za ziboda, mawanga a mbawala ali mbali iti, ndi nthawi imene ngoma imatuluka m'nkhalango. Zidzukulu zikhale nawo pansi madzulo, khala lili m'manja, agogo azifotokoza, mwana azijambula, agogo azikonza pamene palakwika. Mafumu ndi akuluakulu a sukulu akhozanso kupempha a boma ndi oyang'anira nkhalango ya Gilé kuti ana ochepa a boma lino azipita kumeneko chaka chilichonse kukaona mbidzi yamoyo, imene ili m'chigawo chathu chomwe chino. Akabwerako adzaijambula pa khoma la sukulu, ndipo anzawo adzawerenga mizere yake.